Phunziro 14: Simenti Yochokera ku Zotaya za ku Mgodi

Anzathu, lero tiwerenga za chinthu chimene tonse timachifuna koma ambiri sitichikwanitsa kugula. Chinthu chimenechi ndi simenti. Timafuna simenti pomanga nyumba, sukulu, chitsime ndi mlatho. Tiwerenganso za chinthu china chimene palibe amene amachifuna. Chinthu chimenechi ndi zotaya za ku mgodi.

Akatswiri apeza kuti zotaya zina za ku mgodi zingathe kusanduka chomatira chonga simenti. Imeneyi ndi nkhani yabwino. Koma munthu womanga nyumba ali ndi funso limodzi lalikulu: kodi khoma langa lidzakhala zaka zingati? Tiyeni tiwerenge bwino kuti tipeze yankho.

1. MILU YAKUDA YA KU MOATIZE

Amene munayendapo pa msewu wochokera ku Zóbuè kapena ku Angónia kupita ku mzinda wa Tete munadutsa pa Moatize. Pamenepo pali migodi ya malasha. Anthu anayamba kukumba malasha kumeneko m'nthawi ya atsamunda. Mgodi waukulu wa masiku ano unayamba kutulutsa malasha m'chaka cha 2011. Malasha amapita pa sitima ku madoko a Beira ndi Nacala.

Malasha satuluka pansi ali okhaokha. Amatuluka osakanizika ndi miyala ndi dongo louma gwa. Tsono antchito amawatsuka ndi kuwasankha, monga mmene mayi amapetera chimanga m'lichero. Zabwino zimakwera sitima. Zoipa zimatsala. Zotsalazo zimaunjikidwa chaka ndi chaka, mpaka milu yake imaoneka ngati mapiri.

Mulu wa zotaya suli phee monga mmene umaonekera. M'chilimwe umatulutsa fumbi. M'dzinja mvula imautsuka, ndipo madzi oipa amatsikira ku mitsinje. Nthawi zina mulu umagumuka. Pa 21 Okutobala 1966, m'mudzi wa Aberfan ku Wales, mulu wa zotaya za malasha unagumuka ndi kukwirira sukulu. Anthu 144 anafa, ndipo 116 mwa iwo anali ana. Pa 25 Januwale 2019, ku Brumadinho m'dziko la Brazil, damu losungira matope a mgodi wa chitsulo linaphulika. Anthu 270 anafa.

N'chifukwa chake anthu m'maiko ambiri akufunsa kuti: bwanji osasandutsa milu imeneyi kukhala chinthu chothandiza? Bwanji osamangira nyumba?

2. SIMENTI N'CHIYANI?

Simenti ndi ufa womata. Ikakumana ndi madzi imagwira mchenga ndi miyala pamodzi, ndipo zonse zimasanduka mwala umodzi. Mwala umenewu ndiwo timautcha konkire.

Simenti imene timagula m'matumba a makilogalamu 50 imatchedwa Portland. Mmisiri wina wa ku Leeds ku England, dzina lake Joseph Aspdin, ndiye anailembetsa dzina limeneli m'chaka cha 1824. Popanga simenti imeneyi amaphwanya miyala ya laimu ndi dongo, n'kuziotcha m'ng'anjo yaikulu yozungulira. Moto wake umafika madigiri 1450. Kumbukirani kuti madzi a m'mphika amawira pa madigiri 100 okha. M'ng'anjomo mumatuluka timiyala totuwa totchedwa kilinka. Kilinka ikaperedwa kukhala ufa, imeneyo ndiyo simenti.

M'dziko lathu la Moçambique muli mafakitale a simenti ku Matola, ku Dondo ndi ku Nacala. Kuchokera ku Dondo kufika ku Tete pali makilomita oposa 500. Thumba lililonse limalipira moto wa m'ng'anjo, limalipiranso mafuta a galimoto. Likamafika m'mudzi mwathu mtengo wake wakwera kale.

Pali vuto linanso. Miyala ya laimu ikamaotchedwa imatulutsa mpweya wotchedwa carbon dioxide. Mpweya umenewu ukachuluka kumwamba, dziko limatentha, ndipo nyengo imasokonekera. Dziko lonse lapansi limapanga matani a simenti pafupifupi 4 biliyoni pa chaka. Pa magawo 100 a mpweya umenewu wochokera ku ntchito za anthu, magawo pafupifupi 8 amachokera ku simenti.

Chotero ngati tichepetsa kilinka m'thumba, n'kuikamo ufa wina wochokera ku zotaya, tapindula katatu. Moto wachepa. Mpweya woipa wachepa. Mulu wa ku mgodi wachepanso.

3. NZERU YA DONGO LOOTCHA

Kodi mwala wotayidwa ungamate bwanji? Funsani amayi oumba mbiya. Dongo laliwisi likanyowa limabwerera kukhala matope. Koma dongo lootcha silibwereranso. Moto walisintha m'kati mwake.

Anthu akale a ku Roma, m'dziko la Italy, anadziwa kanthu kena ka dothi lopsa. Iwo anatenga phulusa la mapiri ophulika moto la ku Pozzuoli, n'kulisakaniza ndi laimu ndi madzi. Kumene kunalibe phulusa lotere anasinja njerwa zootcha ndi mapale. Phulusa palokha silimata. Ufa wa njerwa pawokha sumata. Koma zikakumana ndi laimu ndi madzi zimagwirana pang'onopang'ono, n'kusanduka mwala. Ku Roma kuli nyumba yotchedwa Pantheon, imene inamalizidwa cha m'ma 125. Denga lake ndi lozungulira, la konkire, lotambalala mamita 43. Papita zaka pafupifupi 1900, koma dengalo lilipobe.

Miyala yambiri yotayidwa ku migodi ya malasha inali dongo kalekale. Ikaotchedwa pa moto wa madigiri 600 mpaka 800, zinthu ziwiri zimachitika. Timalasha totsalira timapsa n'kutha. Dongo limadzuka, limakhala lokonzeka kugwirana ndi laimu. Moto umenewu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi moto wa kilinka. Laimu wofunikayo amachokera m'simenti momwemo, pakuti simenti ya Portland ikanyowa imatulutsa laimu m'kati mwa konkire.

Akatswiri a ku Switzerland, ku Cuba ndi ku India anagwirira ntchito limodzi, n'kupanga simenti yotchedwa LC3. Pa magawo 100 a simenti imeneyi, kilinka ndi magawo 50 okha. Magawo 30 ndi dongo lootcha, magawo 15 ndi mwala wa laimu wosaotcha, ndipo magawo 5 ndi mwala wofewa wotchedwa gypsum. Dongo lake siliyenera kukhala loyera ngati la mbale za m'sitolo. Ngakhale dongo limene migodi ya dongo loyera inkalitaya limagwira ntchito.

4. ZOTSALIRA ZA M'NG'ANJO

Makolo athu a Chimaravi anali amisiri a chitsulo. Ankasungunula miyala m'ng'anjo za dothi, n'kusula makasu ndi nkhwangwa. Mpaka lero alimi ena amatola m'minda zibuma zakuda zolemera, zokhala ndi timabowo. Zimenezo ndi zotsalira za ng'anjo zakale.

Mafakitale aakulu a chitsulo nawonso ali ndi zotsalira zawo. Dzina lake ndi slag. Slag ikatuluka m'ng'anjo ili yamadzimadzi, amaiziziritsa msanga ndi madzi, ndipo imasanduka ngati mchenga wagalasi. Ikaperedwa imakhala ufa womata. Ku Germany anayamba kuisakaniza ndi simenti chisanafike chaka cha 1900. Ku Netherlands, dziko limene mbali yake ina ili m'munsi mwa nyanja, amamangira simenti ya slag makoma otchinga nyanja. Khoma lalikulu la Oosterschelde, limene linatsegulidwa mu 1986, linamangidwa ndi simenti yotere. Phulusa losalala lochokera ku nyumba zopangira magetsi ndi malasha nalonso lakhala likusakanizidwa ndi simenti m'madamu aakulu kwa zaka zambiri.

Pali njira inanso, yosafuna kilinka n'komwe. Amayi amadziwa chidulo. Madzi odontha m'phulusa amafewetsa therere ndi masamba olimba. M'mafakitale muli soda wamphamvu kwambiri kuposa chidulo. Soda ameneyu akathiridwa mu ufa wa slag kapena wa dongo lootcha, amausungunula pang'ono, kenaka ufawo umagwirana n'kuuma gwa. Katswiri wa ku Kyiv, Viktor Glukhovsky, anayamba kufufuza njira imeneyi m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake nyumba zazitali zosanja zinamangidwa ndi konkire yotere mu mzinda wa Lipetsk ku Russia. Mu 2014 ku Toowoomba, m'dziko la Australia, anatsegula bwalo la ndege limene konkire yake yambiri ilibe simenti ya Portland. Chomatira cha mtundu umenewu ena amachitcha geopolymer.

Koma chenjerani. Soda wa m'fakitale amaotcha khungu ndipo amachititsa khungu m'maso. Imeneyi si ntchito yoyeserera pakhomo.

5. KULIMBA NDI KUKHALITSA

Tsopano tafika pa mtima wa phunziro lathu. Pali mau awiri ofanana pang'ono koma osiyana. Mau oyamba ndi kulimba. Mau achiwiri ndi kukhalitsa.

Kulimba kumayesedwa msanga. Akatswiri amaumba kabuloko, amadikira masiku 28, n'kukapanikiza ndi makina mpaka kataphwanyika. Akatero adziwa mphamvu yake. Koma kukhalitsa sikuyesedwa pa masiku 28. Khoma lolimba lero likhoza kufumbutuka patapita zaka 20. Mtengo wa mkuyu ndi waukulu, koma amisiri amasankha mlombwa. Amadziwa kuti chiswe chidzasiyanitsa.

Konkire ili ndi adani anayi. Tiyeni tiwadziwe.

Mdani woyamba ndi madzi. Konkire ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amalowa m'timabowomo, ndipo adani enawo amalowa pamodzi ndi madzi. Pamenepa simenti ya slag ndi ya dongo lootcha imachita bwino. Ikasamalidwa, timabowo take timachepa ndi kutsekeka kuposa ta simenti wamba.

Mdani wachiwiri ndi mchere. M'mizati ndi m'milatho mumakhala zitsulo. Mchere wa m'nyanja ukafika pa chitsulo, chitsulocho chimachita dzimbiri. Dzimbiri limatupa, ndipo limang'amba konkire kuchokera m'kati. Amene anafika ku Beira anaona nyumba zakale zokhala ndi zitsulo zadzimbiri poyera. Apanso simenti ya slag ndi ya dongo lootcha imapambana, pakuti mchere umavutika kulowa.

Mdani wachitatu ndi mpweya. Laimu wa m'konkire ndiye amateteza chitsulo ku dzimbiri. Mpweya wa carbon dioxide umadya laimu ameneyu pang'onopang'ono, kuyambira kunja kulowa m'kati. Apa ndi pamene simenti zatsopano zimafooka. Laimu wake ndi wochepa, popeza dongo ndi phulusa zinadya kale wina. Chotero mpweya umafika msanga pa chitsulo. Mankhwala ake ndi awiri: kukwirira chitsulo ndi konkire yochindikala, ndiponso kuthirira konkire masiku ambiri.

Mdani wachinayi ndi sulufule. Ameneyu ndiye woopsa kwambiri pa zotaya za ku mgodi, chifukwa sachokera kunja. Amabisala m'zotaya momwemo. M'migodi ya malasha, ya golide ndi ya mkuwa mumapezeka mwala wonyezimira ngati golide, koma si golide. Dzina lake ndi pyrite. M'kati mwake muli chitsulo ndi sulufule. Mwala umenewu ukakhala pansi pa nthaka sulakwa kanthu. Koma ukakumana ndi madzi ndi mpweya umawola, n'kutulutsa asidi. Asidi amadya simenti. Sulufule amapanganso timiyala tatsopano totupa m'kati mwa khoma. Khoma limachita ming'alu, kenaka limafumbutuka ngati chigumu chouma.

6. ZIMENE ZINACHITIKA KU CORNWALL

Ku England kuli dera lotchedwa Cornwall. Kwa zaka mazana ambiri anthu a kumeneko ankakumba migodi ya mkuwa ndi ya chitsulo china chofewa chotchedwa tin. Pafupi ndi mgodi uliwonse panali mulu wa timiyala tophwanyidwa kale. Timiyalato tinali taulere kapena totchipa.

Kuyambira cha m'ma 1900 mpaka cha m'ma 1950, amisiri ambiri anatenga timiyala timeneti, n'kutisakaniza ndi simenti poumba mabuloko. Mabuloko anaoneka abwino. Anali olimba. Nyumba zinamangidwa, anthu analowamo, ana anabadwiramo. Palibe amene anaona cholakwa.

Koma m'timiyalamo munali pyrite. Anthu a ku Cornwall amautcha mundic. Mvula inanyowetsa makoma chaka ndi chaka. Patapita zaka makumi angapo makoma ena anayamba kung'aluka. Ena anafewa mpaka munthu ankatha kuwakanda ndi chala. Nyumba zina zinagwetsedwa. Mpaka lero, munthu akafuna ngongole yogulira nyumba yakale ya mabuloko m'dera limenelo, mabanki amafuna kuti akatswiri ayambe aboola khoma ndi kuliyesa.

Taonani, simenti yawo inali yabwino. Amisiri sanali aulesi. Cholakwa chinali chimodzi: anatenga zotaya pa mulu osaziyesa. Amene anaumba mabuloko sanaone tsoka lake. Analiona ndi ana awo ndi zidzukulu zawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zotaya zina zili ndi poizoni. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, kunali mgodi wa mtovu umene unatsekedwa mu 1994. Fumbi la milu yake linalowa m'mabwalo a nyumba, ndipo ana ambiri anapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana. Chotero akatswiri akamayesa zotaya safunsa za mphamvu yokha. Amafunsanso ngati poizoni adzatuluka m'khoma likanyowa.

7. KUCHEZA PA KALASI

Tsiku lina mphunzitsi anawerenga nkhani imeneyi ndi ophunzira ake pansi pa mtengo wa mango. Atamaliza, bambo wina wachikulire, mmisiri wa nyumba, anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, ine ndasokonezeka. Poyamba mwati zotaya zimamanga makoma a nyanja. Tsopano mukuti zimagwetsa nyumba. Nanga zoona ndi ziti?"

"Zonse ndi zoona, bambo," anayankha mphunzitsi. "Chinangwa china ndi chozizira, china ndi chowawa. Chowawacho mukachidya chachiwisi mudwala. Mukachiviika m'madzi masiku ake ndi kuchiyanika, mudya nsima. Zotaya zilinso chimodzimodzi. Ziyenera kusankhidwa, kuyesedwa, kuotchedwa pa moto woyenera ndi kuperedwa."

Mayi wina anafunsa kuti: "Nanga akatswiriwo amadziwa bwanji za zaka 50 zakutsogolo, iwo ali ndi moyo umodzi ngati ife?"

"Mwafunsa bwino, mayi. Iwo amafulumizitsa nthawi. Amaviika timabuloko m'madzi amchere ndi m'madzi a asidi. Amatinyowetsa ndi kutiumitsa kambirimbiri. Amatitsekera m'bokosi lodzaza mpweya woipa uja. Miyezi yochepa ya m'bokosi imaonetsa zimene zingachitike pa zaka zambiri. Koma bokosi si mudzi. Umboni weniweni ndi nyumba imene yaima pa dzuwa ndi pa mvula."

"Ndiye kuti simenti zonsezi sizili pa msinkhu umodzi?" anatero bambo uja.

"Ayi, bambo. Simenti ya Portland yakwanitsa zaka 200. Simenti ya slag yapitirira zaka 100. Zimenezi ndi nkhalamba, mbiri yake tikuidziwa. Koma chomatira chopangidwa ndi matope a ku migodi ya golide, ya mkuwa ndi ya chitsulo ndi mwana wakhanda. Chambiri chidakali m'nyumba zoyesera. Palinso vuto lina. Zotaya za mgodi uwu ndi zosiyana ndi za mgodi uwo. Ngakhale pa mulu umodzi, za pamwamba zikhoza kusiyana ndi za pansi. Chotero kuyesa kamodzi sikukwanira."

Gogo wina amene anali chete anati: "Mwana wanga, ndamva. Mkamwini watsopano timayamba tamuona pa munda tisanamupatse nkhokwe."

Onse anaseka. Mphunzitsi anati: "Agogo, mwatha phunziro. N'chifukwa chake amisiri anzeru amayamba kuyesa chomatira chatsopano pa timisewu toyenda pansi, pa ngalande ndi pa mipanda. Chikapambana pamenepo, ndi pamene chimaloledwa kusenza denga la sukulu."

8. ZIMENE IFE TINGACHITE

Ife sitili ndi makina oyesera. Koma tili ndi maso, manja ndi nzeru. Tsopano tikudziwanso kuwerenga. Nazi zinthu zisanu ndi ziwiri zoti tikumbukire.

Choyamba: tisatenge miyala, mchenga kapena matope pa mulu wa ku mgodi kuti tiumbire mabuloko kapena kuthira pansi pa nyumba. Chaulere chimenechi chidzatilipiritsa pambuyo. Ana asasewere pa milu imeneyi.

Chachiwiri: tiwerenge thumba tisanagule. Pa thumba pamalembedwa CEM I, CEM II, CEM III kapena CEM IV. CEM I ndi kilinka pafupifupi yokhayokha. CEM II ndi yosakaniza ndi ufa wina, monga wa mwala wa laimu kapena phulusa. CEM III ili ndi slag yambiri. CEM IV ili ndi phulusa kapena dothi lopsa. Pamakhalanso nambala, monga 32,5 kapena 42,5. Nambala imeneyi imanena mphamvu ya simentiyo pa masiku 28. Simenti yosakaniza ya m'fakitale si yachinyengo. Inayesedwa.

Chachitatu: munthu akabwera ndi ufa wopanda dzina, kapena mabuloko otchipa modabwitsa, timufunse kumene zachokera ndi amene anaziyesa. M'dziko lathu muli INNOQ, bungwe loika malamulo a ubwino wa katundu. Mulinso Laboratório de Engenharia de Moçambique, kumene amayesa zipangizo zomangira. Wogulitsa woona sakwiya ndi funso. Safunsa anadya phula.

Chachinayi: tisunge matumba pa matabwa, m'nyumba youma, osagunda khoma. Simenti yochita zibuma zolimba yatha mphamvu.

Chachisanu: tigwiritse mchenga woyera wopanda dothi ndi zinyalala, ndi madzi oti munthu angamwe. Tisachulukitse madzi posakaniza. Madzi ochuluka amafewetsa ntchito lero, koma akauma amasiya timabowo tambiri, ndipo timabowo ndi khomo la adani.

Chachisanu ndi chimodzi: tithirire. Konkire siilimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa chokhala yonyowa masiku oyamba. Tiifunditse udzu kapena masaka onyowa, ndipo tithirire m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7. Simenti yosakaniza ndi slag, phulusa kapena dongo lootcha imalimba mochedwa, chotero imafuna masiku ochulukirapo. Kuno ku Tete dzuwa ndi loopsa, ndipo konkire yosafunditsa imauma isanakhwime. Kuthamanga sikufika.

Chachisanu ndi chiwiri: titalikitse madzi ndi khoma. Denga litulukire kunja. Maziko akwere pamwamba pa nthaka. Tikumbe ngalande kuzungulira nyumba. Mu Marichi 2019 namondwe Idai anagwetsa nyumba zambiri ku Beira ndi m'madera ozungulira. Mvula yotere imayesa khoma lililonse, la simenti yakale ndi la simenti yatsopano lomwe.

Anzathu, milu ya ku migodi ikhoza kudzatipatsa simenti yotsika mtengo, yopangidwa pafupi ndi kwathu. Kuti zimenezi zitheke, zotaya ziyenera kudutsa m'manja mwa oyesa ndi m'moto wa ng'anjo, ndipo nthawi iyenera kuchitira umboni. Nyumba timamangira ana athu. Tisafunse chabe kuti, kodi ndi yolimba lero? Tifunsenso kuti, kodi idzakhalitsa?

MAU ATSOPANO

Werengani mokweza, kenaka lembani m'makope mwanu.

mgodi: malo okumba miyala ya mtengo wapatali kapena malasha
zotaya: miyala ndi matope otsala akachotsa zofunika
chomatira: ufa umene umagwira mchenga ndi miyala pamodzi
kilinka: timiyala totuluka m'ng'anjo ya simenti
konkire: simenti, mchenga, miyala ndi madzi zitagwirana
dzimbiri: kuwola kwa chitsulo
kukhalitsa: kukhala zaka zambiri osaonongeka

Gawani mau awa: si-me-nti, ma-la-sha, ng'a-njo, ku-kha-li-tsa.

MAFUNSO

1. Kodi milu yakuda ya ku Moatize inachokera kuti?
2. Tchulani phindu litatu la kuchepetsa kilinka m'simenti.
3. Kodi kulimba ndi kukhalitsa kumasiyana bwanji?
4. Tchulani adani anayi a konkire. Ndi mdani uti amene amabisala m'zotaya za ku mgodi?
5. Kodi amisiri a ku Cornwall analakwitsa chiyani?
6. N'chifukwa chiyani timathirira konkire yatsopano?

MASAMU

1. Simenti ya Portland inalembetsedwa mu 1824. Kodi mu 2024 inakwanitsa zaka zingati?
2. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50. Mudzi wagula matumba 12 omangira chitsime. Kodi onse pamodzi ndi makilogalamu angati?
3. Mu simenti ya LC3, theka ndi kilinka. Kodi m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu angati a kilinka?

NTCHITO YA SABATA INO

Yendani awiriawiri m'mudzi mwanu. Pezani chomangidwa ndi simenti chakale kwambiri, kaya ndi chitsime, sitolo, sukulu kapena mlatho. Funsani akuluakulu chaka chimene chinamangidwa. Yang'anani pamene pali ming'alu, pamene pali dzimbiri, ndi pamene madzi amaima mvula ikagwa. Lembani mizere itatu ya zimene mwaona. Amene angapeze thumba la simenti lopanda kanthu abwere nalo, kuti tidzawerenge limodzi zolembedwa pamenepo.